Mitsempha ya m'miyendo ikakana kumvera masokosi: kuwotcha, thovu, guluu kapena opaleshoni?

Munthu amene mitsempha ya m'miyendo yamutupa amayamba wapatsidwa malangizo odziwika kuchipatala: valani masokosi othina, gonekani miyendo pamwamba mukamapuma, musaime malo amodzi nthawi yaitali, chepetsani thupi ngati lakula. Malangizowa ndi abwino, ndipo ambiri amawakwanira. Koma alipo ena amene atsatira zonsezi kwa miyezi, mwendo n'kumalemerabe madzulo aliwonse, khungu la pakakolo n'kumadabe, kuyabwa ndi kuuma, mpaka tsiku lina kachilonda n'kutseguka pamwamba pang'ono pa kakolo cham'kati, osapolanso. Nkhani ino ndi ya anthu amenewo, komanso ya achibale amene amawaperekeza kukatsukitsa chilonda sabata ndi sabata.

Magazi ochokera kuphazi amayenda ulendo wokwera. Munthu akamayenda, minofu ya kuseri kwa msongolo imafinya mitsempha n'kuwakankhira m'mwamba, ndipo m'kati mwa mitsemphayo muli tizitseko totsegukira mbali imodzi, toletsa magazi kubwerera. Tizitsekoto tikatha ntchito, magazi amatsetserekera pansi n'kukadikha pakakolo. Sokosi limafinya mwendo kunja, koma kachitseko kakufa silikonza. Mukalivula, vuto lili pompo.

Mwendo uli ndi mitsempha ya mitundu iwiri yobweza magazi kumtima. Yakuya, ya m'kati mwa minofu, ndiyo imanyamula magazi ochuluka kwambiri. Ina ili pansi pa khungu: waukulu umene madokotala amati great saphenous umachokera pakakolo cham'kati mpaka m'mphechepeche, ndipo waung'ono, small saphenous, umadutsa kumbuyo mpaka kuseri kwa bondo. Pafupifupi njira zonse zimene tikambirane zimachita chinthu chimodzi: kutseka kapena kuchotsa mtsempha wa pansi pa khungu umene ukubweza magazi. Ambiri amafunsa kuti, nanga magaziwo azidutsa kuti? Azidutsa m'mitsempha yakuya, imene inali kale ikusenza katundu wake komanso wa mtsempha wowonongekawo.

Nthawi yoleka kudikira

Bungwe la NICE, lomwe limalemba malangizo a zachipatala ku Britain, linatulutsa malangizo a matendawa mu 2013. Linati munthu atumizidwe kwa akatswiri a mitsempha ngati mitsempha yotupayo ikupweteka kapena kulemeretsa mwendo, ngati khungu lasintha mtundu kapena layamba ziwengo, ngati mtsempha wauma n'kumawawa chifukwa cha magazi oundana, ngati pali chilonda cha kunsi kwa bondo chomwe chatha masabata awiri osapola, ngakhalenso ngati chilondacho chinapola kale. Mtsempha ukaphulika n'kutuluka magazi, palibe kudikira. Linanenanso kuti masokosi asakhale chithandizo chamuyaya kwa munthu amene mtsempha wake ungatsekedwe.

Masabata awiri. Kwathu kuno anthu amakhala ndi chilonda chotere zaka, akusintha mankhwala opaka, akumwa makapusozi obwerezabwereza, ena akuganizira zam'mudzi. Izi zimandiwawa, chifukwa ambiri mwa iwo mwendo wawo sunajambulidweko.

Zoyeza ziwiri zimene simuyenera kudumpha

Choyamba ndi sikani ya mitsempha yotchedwa duplex. Ndi makina a mtundu womwe uja amajambulira amayi oyembekezera, kungoti amasonyezanso kumene magazi akulowera. Wodwala amajambulidwa ataimirira, pakuti atagona magazi obwerera saoneka bwino. Wojambula amafinya mwendo n'kuusiya. Magazi akabwerera pansi kupitirira theka la sekondi, mtsemphawo wawonongeka. Chachikulu kuposa apa, sikaniyo imaonetsa ngati mitsempha yakuya ili yotseguka. Munthu amene anadwalapo kuundana kwa magazi m'mtsempha wakuya, komwe kumachitika kawirikawiri mwa odwala TB, amene ali ndi HIV, odwala khansa ndi amayi ongobereka kumene, akhoza kukhala kuti mitsempha yotupa ya pamwambayo ndiyo njira yokhayo imene magazi ake atsala nayo. Kuitseka n'kumuwonjezera mavuto.

Chachiwiri ndi kuyerekeza mphamvu ya magazi pakakolo ndi pamkono, kumene amati ABPI. Chiwerengero chikatsika pansi pa 0.8, ndiye kuti mitsempha yopititsa magazi kuphazi yachepa, ndipo kumanga mwendo mothina kumafuna katswiri. Chikatsika pansi pa 0.5, mabandeji othina akhoza kupha phazi. Odwala shuga ndi osuta fodya asalole kumangidwa asanayezedwe.

Dziwaninso kuti si chilonda chilichonse cha pamwendo chimene chimachokera ku mitsempha yobweza magazi. M'dera lathu lino chikhoza kukhala cha matenda a magazi a sickle cell, cha shuga, kapena khansa ya pakhungu ya Kaposi. Mwendo umatupanso chifukwa cha mtima, impso, kapena filariasis, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu omwe WHO inavomereza mu 2020 kuti Malawi wawagonjetsa, ngakhale amene anatupa kale akadali nawo miyendo yawo. Chilonda chakale chimene m'mbali mwake mwayamba kutukumuka chiyenera kudulidwa kachidutswa kukayeza, pakuti zilonda za zaka zambiri nthawi zina zimasanduka khansa.

Zimene tiyerekeze

Njira iliyonse tiiona pa zinthu zinayi. Mtengo: osati ndalama ya tsiku la chithandizo yokha, koma sikani, ulendo, gadiyani, masiku osagwira ntchito ndi mwayi woti mudzabwereze. Kupezeka kwake: makina, zipangizo ndi munthu wozolowera kuzigwiritsa ntchito. Chisamaliro cha pambuyo pake. Ndi zoopsa zake. Mitengo ya zipangizo zoitanitsa kunja imatsatira dola, ndipo aliyense akukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho kuchipatala cholipira pemphani mtengo wolembedwa, wosonyeza zimene zili m'kati ndi zimene mudzalipire padera.

Kuwotcha mtsempha m'kati: laser ndi radiofrequency

Dokotala amabaya mtsempha chapabondo akuyang'ana pa sikani, n'kulowetsa kawaya mpaka pafupi ndi pamene mtsemphawo ukumana ndi wakuya m'mphechepeche. Kenako amabaya madzi ambiri osakaniza ndi mankhwala a dzanzi mozungulira mtsempha wonse. Madziwa amaletsa ululu, amafinya mtsempha kuti ukumbatire waya, ndiponso amateteza khungu kuti lisapse. Akatero amayatsa makina n'kumakoka wayayo pang'onopang'ono. Radiofrequency yofala masiku ano imatentha madigiri 120 kwa masekondi 20 pa chigawo chilichonse cha masentimita 7. Laser imagwiritsa ntchito kuwala. Njira ziwirizi zinayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zotsatira zake n'zofanana kwambiri moti palibe chifukwa choyendera ulendo wautali kufuna imodzi pamene inayo ili pafupi.

Mtengo: wokwera. Makinawo ndi odula, ndipo waya amagwira ntchito pa munthu mmodzi basi. Chimene chimabwezako ndalama n'chakuti simugonekedwa, simugonetsedwa tulo, ndipo kuntchito mumabwerera msanga.

Kupezeka kwake: ku Britain ndiyo njira imene NICE inaiika patsogolo, ndipo imachitika m'zipatala za boma za NHS kwa amene akwaniritsa zizindikiro zija. Ku South Africa ndi ku India ndi yofala m'zipatala zolipira. Amene muli pa sikimu ya zachipatala funsani musanapite, chifukwa masikimu amakonda kukana chithandizo chimene akuchiona ngati chokongoletsa mwendo. Kalata ya dokotala ndi zotsatira za sikani ndizo zimasonyeza kuti ndi matenda. M'chipatala chilichonse, funsani kuti dokotalayo amachita kangati pamwezi. Makina atsopano m'manja osazolowera sapambana mpeni m'manja ozolowera.

Chisamaliro: mumayenda tsiku lomwelo, ndipo kuyenda n'kofunika. Sokosi mumavala pafupifupi sabata imodzi. Ambiri amabwerera kuntchito m'masiku ochepa. M'ntchafu mumamveka ngati chingwe chokoka kwa masabata angapo. Timitsempha topindikapindika tooneka pamsongolo sitilowa waya. Dokotala amatikoka ndi kambedza kudzera m'timabala tating'ono kwambiri, njira imene anaitchukitsa dokotala wa ku Switzerland, Robert Muller, kapena amatibaya thovu. Funsani ngati zimenezi zili m'mtengo womwewo.

Zoopsa: mikwingwirima, kupsa kwa khungu mwa apo ndi apo, ndi dzanzi ngati kutentha kwakhudza kamtsempha komvetsa khungu, makamaka kunsi kwa bondo. Magazi akhoza kuundana n'kulowera m'mtsempha wakuya, ngakhale sizichitikachitika. Mitsempha yoposa 90 pa 100 iliyonse imakhala itatsekeka pakatha chaka. Njirayi imavuta ngati mtsempha uli wokhotakhota kwambiri kapena uli pafupi zedi ndi khungu.

Jakisoni wa thovu

Mankhwala owononga khoma la m'kati mwa mtsempha, polidocanol kapena sodium tetradecyl sulphate, akhala akubayidwa kwa zaka zambiri, koma ali amadzi amasungunuka m'magazi msanga. Cha m'ma 2000 dokotala wa ku Italy, Lorenzo Tessari, anasonyeza njira yosavuta: masirinji awiri olumikizidwa, gawo limodzi la mankhwala, magawo anayi a mpweya, n'kumakankha uku ndi uku mpaka litapangika thovu. Thovulo limakankha magazi, limakhalitsa pakhoma la mtsempha, ndipo limaoneka pa sikani, choncho dokotala amaona kumene likupita.

Mtengo: wotsika kuposa njira zonse. Sipafunika makina ena kupatula sikani. Koma werengerani maulendo awiri kapena atatu, chifukwa kawirikawiri ulendo umodzi sukwanira, ndipo madokotala ambiri sapitirira mamililita 10 a thovu pa tsiku limodzi.

Kupezeka kwake: ndiyo njira imene ingatheke ngakhale m'chipatala chaching'ono, bola pakhale mankhwalawo ndi munthu wodziwa kubaya akuyang'ana pa sikani. Ine ndimaona kuti maiko ngati athu akadapindula nayo kwambiri, makamaka pa odwala zilonda. Samalani ndi malo okongoletsa khungu amene amabaya timitsempha tooneka pamwamba osajambula mwendo. Gwero likakhala m'mphechepeche, kubaya nthambi n'kutaya ndalama.

Chisamaliro: bandeji kapena sokosi kwa masiku angapo, kuyenda tsiku lililonse, ndi kubwerera kukajambulitsa. Mtsempha wobayidwa umasanduka chotupa cholimba chowawa ukachikhudza. Nthawi zina dokotala amachiboola ndi singano kutulutsa magazi otsekeredwa, zomwe zimachepetsa ululu ndi kuda kwa khungu.

Zoopsa: apa pali nkhani imene timapepala totsatsa malonda sitinena mokwanira kwa ife a khungu lakuda. Pamene panadutsa mtsempha pamatsala mzere woderapo, umene umatha miyezi yambiri usanazilale, ndipo mwa ena suchokeratu. Khungu lakuda limachita zimenezi kwambiri. Amene mukufuna chithandizo kuti mwendo uoneke bwino, lingalirani kawiri. Anthu ochepa amaona zinthu mwachimbuuzi kapena kumva mutu waching'alang'ala kwa mphindi zingapo atangobayidwa. Amene amadwala kale mutu wotere, kapena anauzidwa kuti ali ndi kabowo mumtima, anene asanabayidwe. Vuto lalikulu ndi kutsegukanso kwa mtsempha. Kafukufuku wa CLASS ku Britain, wa anthu 798, anayerekeza thovu, laser ndi opaleshoni. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 2014, ndipo atawatsatira zaka 5 anapeza kuti a laser ndi a opaleshoni ankamva bwino m'miyendo kuposa a thovu. Mtsempha ukakhala waukulu kwambiri, thovu limalephera kawirikawiri.

Opaleshoni yomanga ndi kusolola mtsempha

Iyi ndi njira yakale. Friedrich Trendelenburg ku Germany ankamanga mtsempha waukulu uja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo William Babcock ku America anabweretsa chida chosololera mu 1907. Masiku ano dokotala amacheka m'mphechepeche, amamanga mtsempha pamene ukulowa mu wakuya pamodzi ndi nthambi zake, amalowetsa waya n'kusolola mtsemphawo mpaka chapabondo, kenako amachotsa nthambi za pamsongolo. Madokotala ambiri salekezera pakakolo monga ankachitira kale, chifukwa kunsi kwa bondo mtsemphawu umayenda limodzi ndi kamtsempha komvetsa khungu.

Ndikufuna ndiime pang'ono apa. Munthu akawerenga pa intaneti amatha kuganiza kuti opaleshoni ndi njira yotha ntchito, ya anthu osowa. Si choncho. Kafukufuku wa CLASS uja anasonyeza kuti pakatha zaka 5, opaleshoni ndi laser zimasiya munthu pamalo ofanana. Kusiyana kuli m'masabata oyamba: ululu wochulukirapo, mabala, ndi kuchedwa kubwerera kuntchito. Munthu amene ali ndi chilonda cha zaka, masabata awiri kapena atatu owawa si mtengo waukulu.

Mtengo: m'chipatala cha boma ku Malawi, m'wodi wamba, opaleshoniyo simulipira. Mumalipira ulendo, chakudya cha gadiyani, mwina sikani ngati mwakajambulitsa kwina, ndi masiku amene geni kapena munda waima. M'zipatala za mishoni za CHAM ndi zolipira mumalipira chipinda cha opaleshoni, mankhwala ogonetsa ndi bedi, ndipo zikaphatikizana mtengo ukhoza kuyandikira wa kuwotcha kuja.

Kupezeka kwake: sifuna makina apadera, ndipo madokotala a opaleshoni amaiphunzira. Njira yake ndi kalata yotumizira kuchokera kuchipatala chaching'ono kapena cha boma la kwanu, kupita ku zipatala zazikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba, ndipo ku Zambia chipatala ngati UTH ku Lusaka. Konzekerani kudikira, pakuti amayi obereka ndi ovulala pangozi ndiwo amalowa poyamba. Limbikirani kuti sikani ichitike ndipo mitsempha ilembedwe pakhungu mutaimirira musanalowe.

Chisamaliro: jakisoni wa pamsana kapena mankhwala ogonetsa, tsiku limodzi kapena awiri m'wodi, bandeji, kenako kuchotsa ulusi. Bala la m'mphechepeche lili pamalo a thukuta, choncho limafuna ukhondo ndi kuuma, makamaka m'miyezi yotentha. Wa ntchito ya muofesi amabwerera pakatha sabata imodzi kapena awiri. Wa kabaza, womanga nyumba kapena woima tsiku lonse pamsika afunika nthawi yoposa apo.

Zoopsa: bala kulowa matenda, magazi kudikha m'ntchafu, dzanzi m'mbali mwa msongolo, kuundana kwa magazi m'mtsempha wakuya, ndi zoopsa za mankhwala ogonetsa kwa okalamba ndi odwala mtima. Amene zipsera zawo zimatukumuka ngakhale atangoboola khutu auze dokotala. Pakapita zaka, timitsempha tatsopano timatha kumera pamalo omangidwa paja n'kuyambitsanso vutolo, ndipo kucheka kachiwiri pa chipsera chakale ndi ntchito yovuta.

Guluu

Guluu wa chipatala wa mtundu wa cyanoacrylate, wodziwika ndi dzina la VenaSeal, analoledwa ku America mu 2015. Amalowetsedwa ndi kapaipi, dokotala n'kumafinya mtsempha kuti umatike.

Mtengo: nthawi zambiri ndiye wokwera kuposa zonse, chifukwa cha zida zogwiritsa ntchito kamodzi.

Kupezeka kwake: m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu, kunja.

Chisamaliro: apa ndiye pali phindu lake. Palibe majakisoni ambiri a dzanzi aja, palibe kutentha, ndipo kawirikawiri sokosi silifunika.

Zoopsa: guluuyo amakhala m'thupi. Mwa ena khungu la pamwamba pa mtsempha limafiira, kuyabwa ndi kutupa kwa masiku kapena masabata, ndipo mwa ochepa kwambiri thupi limamukana mpaka mtsempha womatidwawo kuchotsedwa ndi mpeni. Amene thupi lawo limadana ndi guluu wa zikhadabo kapena wa nsidze zoikirira asayese. Guluuyu amatseka mtsempha bwino ngati radiofrequency, koma sindiona chifukwa chogulitsira mbuzi kapena kutenga ngongole kuti mupeze guluu pamene njira ina ilipo. Palinso kachida kotchedwa ClariVein, kozungulira n'kumakanda m'kati mwa mtsempha kwinaku kakuthira mankhwala. Sikatentha, koma mitsempha yake imatsegukanso kawirikawiri kuposa yowotchedwa.

Kutsegula mtsempha wakuya ndi stent

Njira iyi ndi ya vuto lina. Nthawi zina magazi sakubwerera chifukwa cha tizitseko tokha, koma njira yatsekeka m'chiuno. Mtsempha waukulu wochokera kumwendo wamanzere umadutsa pansi pa mtsempha wopititsa magazi kumwendo wamanja, ndipo mwa ena umapanikizika. Madokotala May ndi Thurner anafotokoza zimenezi mu 1957. Kapena magazi amene anaundana kale anasiya zipsera m'kati. Chizindikiro chake ndi mwendo wonse kutupa mpaka ntchafu, kuwawa ngati uphulika munthu akayenda, ndi mitsempha yooneka pamimba chakumunsi. Madokotala amafutukula malo opanikizikawo n'kuikapo kachubu ka waya kotchedwa stent.

Mtengo: wokwera kwambiri, ndipo suthera pa tsiku loika.

Kupezeka kwake: m'zipatala zochepa zokhala ndi chipinda chojambulira mitsempha ndi akatswiri ake.

Chisamaliro: mankhwala oletsa magazi kuundana kwa miyezi, ena moyo wonse. Warfarin ndi wotsika mtengo koma amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndipo amasokonezeka ndi mankhwala ena, makamaka rifampicin wa TB. Rivaroxaban safuna kuyezetsa kotero koma ndi wodulirapo, ndipo nayenso sagwirizana ndi rifampicin. Sikani imabwerezedwa chaka ndi chaka.

Zoopsa: stent kutsekeka, kusuntha, msana kuwawa masiku oyamba, ndi kutaya magazi chifukwa cha mankhwala aja. Musalole kuikidwa stent ngati kumene mukukhala simungapeze mankhwala ndi sikani mosadukiza.

Njira iti kwa ndani

Ngati muli ndi chilonda chotseguka ndipo sikani yasonyeza kuti mtsempha wa pansi pa khungu ukubweza magazi, chofunika ndi nthawi, osati dzina la makina. Kafukufuku wa EVRA ku Britain, wofalitsidwa mu 2018, anatenga anthu 450 a zilonda. Onse anamangidwa mabandeji othina. Theka anatsekedwa mtsempha pasanathe masabata awiri, enawo anadikira. A gulu loyamba zilonda zawo zinapola pa masiku 56 tikatenga wapakati, enawo pa masiku 82, ndipo ambiri mwa otsekedwa msangawo anabayidwa thovu. Kafukufuku wakale wa ESCHAR, wa anthu 500, anayesa opaleshoni: sinafulumizitse kupola, koma pakatha chaka chilonda chinabwerera mwa anthu 12 pa 100 aliwonse ochitidwa opaleshoni, poyerekeza ndi 28 pa 100 mwa amabandeji okha. Choncho tengani njira imene ikupezeka mwezi uno. Ndipo mabandeji sasiyidwa: chilonda chotere chimafuna kufinya kwamphamvu, pafupifupi 40 mmHg (muyeso wa mphamvu ya kufinya) pakakolo, kumene bandeji wamba ya krepi sifikitsa. Chilonda chachikulu chikhoza kufuna kumezanitsa khungu lochokera pantchafu, koma khungulo siligwira nthawi yaitali ngati mtsempha sunakonzedwe.

Ngati mtsempha ndi wowongoka, mulibe chilonda, ndalama kapena sikimu ilipo, ndipo simungathe kusiya ntchito masabata awiri, sankhani kuwotcha. Laser kapena radiofrequency, imene dokotala wanu wazolowera.

Ngati mtsempha ndi waukulu kwambiri, wokhotakhota, wotumphuka pansi pa khungu, kapena mukudalira chipatala cha boma, opaleshoni ndi chisankho chabwino, ndipo musachite nacho manyazi.

Ngati ndinu okalamba, muli ndi vuto la mtima kapena la mapapo loti kugonetsedwa n'koopsa, kapena mitsempha yabwereranso pambuyo pa opaleshoni yakale, thovu ndilo loyenera. Lowani mukudziwa kuti mudzabwerera. Odwala mtima afunsenso ngati mbali yabwino ya mtsempha ingasiyidwe, chifukwa mtsempha womwewu ndi umene madokotala amatenga akafuna kulambalala mitsempha ya mtima yotsekeka.

Ngati mumaopa singano kwambiri, kapena manja anu sangathe kuvala sokosi lothina, ndipo mtengo si vuto, guluu ali ndi malo ake.

Ngati muli oyembekezera, dikirani. Valani masokosi, ndipo mukajambulitse patatha miyezi itatu mutabereka, pakuti mitsempha yambiri imaphwa yokha.

Ngati mukukalandira chithandizo kunja, kaya ku Johannesburg kaya ku India, musagule tikiti yobwerera mawa lake. Kukhala pampando wa basi tsiku lathunthu ndi usiku, kapena m'ndege maola ambiri, mwendo utangochitidwa kumene, kumaika munthu pangozi ya magazi oundana. Madokotala ambiri amalangiza kudikira masabata angapo. Bwerani ndi lipoti lolembedwa ndi zithunzi za sikani, ndipo mudziwiretu amene adzakuoneni kuno. Mwendo ukatupa mwadzidzidzi, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kuwawa pachifuwa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mapiritsi monga Daflon amachepetsako kulemera ndi kutupa mwa ena, ndipo pentoxifylline amathandiza zilonda kupola akaphatikizidwa ndi mabandeji, koma palibe piritsi lotseka mtsempha. Ndalama za miyezi ingapo ya mapiritsi zingalipire sikani.

Ndipo ngati sikani yasonyeza kuti mitsempha yakuya ndiyo yawonongeka kapena yatsekeka, musakakamize dokotala kuchotsa mitsempha yooneka. Funsani ngati m'chiuno muli potsekeka pamene stent ingathandize. Ngati palibe, chithandizo chanu ndi masokosi oyezedwa bwino, ovala m'mawa musanatsike pabedi, osinthidwa pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi chifukwa amatha mphamvu, mafuta opaka kuti khungu lisang'ambike, ndi kupita kuchipatala kachilonda kakangooneka. Mtsempha ukaphulika kunyumba, gonani pansi, kwezani mwendo pamwamba pa mpando, finyani pabalapo ndi nsalu yoyera osasiya, ndipo musamange chingwe pantchafu. Magazi akaleka, pitani kuchipatala.